Kusuntha miyala yamoyo mu thanki ya madzi amchere: chimachitika ndi chani kwenikweni?

Sabata yatha achimwene ena aku Nyambadwe anaika pa status ya WhatsApp chithunzi cha thanki yawo ya nsomba za mnyanja yamchere, madzi atavunduka ngati thobwa losungunula, kansomba kachikasu kali pakona kakupuma mothamanga. Pansi analemba kuti angosuntha miyala basi. Anthu anadabwa, ena kufunsa kuti mwala ungadwalitse bwanji nsomba, ena kumati kaya ana athiramo sopo. Ine ndakhala ndi thanki yotere ya malita 300 kwa zaka zingapo ndithu, ndipo osunga zimenezi kuno ku Blantyre tilipo ochepa moti funso lililonse limazungulira kwa anthu omwewomwewo, nde ndati ndifotokoze pang'onopang'ono kuti ngakhale amene sanaonepo thanki yotereyi amve.

Mwala wamoyo ndi chani?

Mwalawo paokha supuma ayi. Omwe amagulitsa amautcha live rock, ndipo ndi zigoba zakale za makorali (tinyama ta mnyanja yamchere tomanga matanthwe) omwe anafa kalekale, zomatana pamodzi mpaka kusanduka mwala. Ndi calcium carbonate, chimodzimodzi chigoba cha nkhono kapena mwala umene amawotcha laimu ku Balaka. Kusiyana kwake nkwakuti uwu ndi wopepuka, wodzaza timabowo ndi timauna, ndipo m'menemo ndi momwe muli moyowo: mabakiteriya osawerengeka, masiponji, tinyongolotsi, tinkhanu tating'ono ngati nsabwe, komanso ndere yolimba yapinki ndi yapepo yomwe imakuta kunja ngati penti.

Fanizo labwino ndi chulu. Ukachiona patali umati ndi mulu wa dothi, koma ukachigumula mkati muli misewu, zipinda, chiswe chikugwira ntchito usana ndi usiku, mphepo ikulowa ndi kutuluka mwa njira yake. Munthu sunganyamule chulu nkuchitembenuza chadodolido kenako nkumayembekeza kuti zamkatimo zipitilira ngati palibe chachitika. Mwala wa kwale waku Njuli kapena wa mumtsinje wa Mudi ndi wogwirana, ulibe timauna timeneti, nchifukwa chake sungagwire ntchito imeneyi.

Kale anthu ankasunga nsomba za mnyanja yamchere mu thanki yoyera mbee, yokhala ndi zigoba za korali zotsukidwa ndi bulichi, ndipo makorali amoyo ankangofa. Lee Chin Eng waku Jakarta ku Indonesia ndi amene mu 1961 anafotokoza njira ina, yongoika miyala yochokera mnyanja ndi zamoyo zake, madzi a mnyanja ndi kampweya pang'ono. M'zaka za m'ma 1970 osunga nsomba aku Berlin ku Germany, mothandizidwa ndi zolemba za Peter Wilkens, anawonjezerapo magetsi owala kwambiri ndi chipangizo chochotsa zonyansa ndi thovu chotchedwa skimmer, ndipo mpaka lero anthu amati njira ya Berlin. Kuyambira apo malonda a miyalayi anakula kwambiri, yochokera ku Fiji, Tonga, Indonesia ndi Florida, mpaka maboma anayamba kuona kuti matanthwe a mnyanja akutha. Ku America kukumba miyalayi mnyanja yaku Florida kunatsekedwa kotheratu pofika 1997, Fiji inaletsa kumapeto kwa 2017. Miyalayi imagweranso pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo za mchilengedwe pakati pa maiko, lomwe Malawi ali nawo, nde osaganiza zongotola mwala ku Beira kapena ku Nacala nkuponya mu buti ya galimoto kudutsa nawo pa Mwanza kapena pa Muloza, pamafunika mapepala. Lero ambiri amagula mwala wouma kapena wopangidwa ku fakitale, nkuulola kuti "udzuke" wokha mu thanki kwa miyezi.

Mfundo yake ndi iyi, mwala ngosowa komanso ngodula makamaka kwa ife akutali ndi nyanja yamchere, ndipo umene wakhala mu thanki zaka 2 kapena 3 sungaugule pena paliponse.

Fyuluta yosaoneka

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Nsomba ikadya imatulutsa ammonia, yambiri imatulukira mopumira mwake, ndipo zakudya zotsala ndi chilichonse chofa chikamaola chimatulutsanso ammonia yemweyo. Ammonia ndi poizoni, ndipo mmadzi amchere momwe pH (muyeso wa asidi mmadzi, ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa) imakhala cha pa 8.1 mpaka 8.4 amaluma kwambiri kuposa mmadzi a pH yotsika. Pali tizamoyo tina timene timasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena nkutenga nitrite kusandutsa nitrate yemwe alibe ukali kwambiri. Onsewa amafuna okosijeni nde amakhala kunja kwa mwala ndi m'mauna oyandikira kunja. Mkatikati mwa mwala momwe okosijeni safika bwino mumakhala gulu lina lomwe limatenga nitrate nkumusandutsa mpweya wa nitrogen, umene umangotuluka mmadzi kupita mlengalenga. Wasayansi waku Russia Sergei Winogradsky ndi amene cha m'ma 1890 anazindikira mabakiteriya ogwira ntchito imeneyi, iye ankafufuza za dothi osati za nsomba, ndipo ndi ntchito yomweyo imene imachitika mu dzenje la manyowa kuseli kwa khola.

Nde ukanyamula mwala chimachitika ndi chani? Choyamba, pansi pake ndi mmauna mwake mumakhala mutadzaza zinyenyeswa za zaka zonsezo, ngati fumbi la kuseli kwa kabati lomwe umaliona tsiku losamuka lokha. Zonsezo zimabalalika mmadzi nthawi imodzi nkuyamba kuola. Chachiwiri, mbali yomwe inali pamthunzi ikayang'ana kuwala, kapena yomwe inali poyera ikakwiririka mumchenga, zamoyo za mbali imeneyo zimafa. Ndimakumbukira tsiku lomwe ndinatembenuza mwala wanga waukulu koyamba, kunsi kwake kunali siponji yoyera ndi ina yachikasu yofewa ngati chinkhupule, timachubu ta nyongolotsi tambirimbiri, ndi miyendo ya brittle star, kanyama kooneka ngati nyenyezi, ikubwerera msanga mu una. Zinthu zomwe sindinaziikemo ine ndipo sindinkadziwa nkomwe kuti zilipo. Masiponji ambiri akangotuluka mmadzi mpweya umatsekeka mu timisewu tawo ndipo amafa, kenako nkumaolera mu thanki momwemo.

Vuto lake nlakuti zoola zachuluka pomwe ogwira ntchito achepa, ndipo mabakiteriya amtunduwu amaswana mochedwa, amatha kutenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti achuluke kawiri, pomwe mitundu ina zimangotenga mphindi 20. Pa masiku amenewo ammonia amakwera. Chimenechi ndi chomwe chinachitika ku Nyambadwe kuja. Mu thanki yokhazikika ammonia ndi nitrite amayenera kukhala pa 0, nde ukasuntha miyala yeza tsiku lililonse kwa sabata imodzi, chepetsa chakudya, ndipo madzi atsopano akhale okonzeka.

Mwala ukhoza kukhala panja mphindi zochepa uli wonyowa osavuta kwenikweni, koma ukafuna kuusiya nthawi yaitali uike mu ndowa ya madzi a mu thanki momwemo. Madzi a pampopi ayi ndithu, ali ndi klorini komanso alibe mchere, amapha zonse.

Mchenga ndi fungo la dzira lovunda

Amene anapondako m'dambo nthawi ya dzinja akudziwa matope akuda bii omwe ukazula phazi pamatuluka kafungo ka dzira lovunda. Mpweya umenewo ndi hydrogen sulfide, umapangika pomwe zinthu zikuola popanda okosijeni, ndipo madzi amchere ali ndi sulfate wambiri yemwe mabakiteriya ena amamusandutsa mpweya umenewu. Mu thanki umapezeka pansi pa mwala umene wakhala malo amodzi nthawi yaitali komanso mumchenga wakuya. Ukakhala pansipo suvuta aliyense, koma ukauvundula wambiri nthawi imodzi umapweteka nsomba komanso umadya okosijeni wa mmadzi.

Mchenga wakuya, wa masentimita 10 kupita mtsogolo, anthu amauika dala kuti uzichotsa nitrate. Jean Jaubert, wasayansi waku France yemwe anagwira ntchito ku nyumba yosungira za mnyanja ku Monaco, anatchuka ndi njira yosiya kampata ka madzi pansi pa mchenga pa cholinga chomwechi. Ena amaika mchenga wa masentimita 2 kapena 3 wongokongoletsa, ena saika nkomwe. Kuopsa kwa kusuntha miyala kumatengera kuti thanki yanu ili mgulu liti. Mukanyamula mwala nkuona mchenga wakuda pansi pake, ukokeni ndi kapaipi kupita mu ndowa pomwepo, osautakasa.

Chinanso, mwala wapansi uzikhala pagalasi penipeni kapena pa kanthu kolimba, mchenga uzibwera pambuyo mozungulira. Tinsomba tina totchedwa goby ndi kanyama konga nkhanu kotchedwa pistol shrimp ndi akatswiri okumba, amachotsa mchenga pansi pa mwala usiku umodzi, ndipo mulu wonse ukhoza kugumuka nkugunda galasi. Malita 300 ndi makilogalamu oposa 300 a madzi pabalaza.

Kuwala ndi kayendedwe ka madzi

Korali ndi kanyama, si chomera, koma mthupi mwake mumakhala ndere yaing'ono kwambiri yotchedwa zooxanthellae yomwe imapanga chakudya kuchokera ku kuwala nkumagawana ndi mwini nyumbayo. Korali aliyense amazolowera kuwala kwa pamalo pomwe ali. Ukamuchotsa pansi nkumuika pamwamba pafupi ndi magetsi mwadzidzidzi, ndereyo imapanikizika, korali amaitulutsa nkuyera mbuu. Nkuyera komweko komwe timamva pa nkhani kuti kwachitika ku Great Barrier Reef ku Australia mu 1998, 2016 ndi 2017, kungoti kumeneko chachikulu chinali kutentha kwa madzi.

Alimi a fodya ndi tomato akudziwa kuti mbande yochokera pa nazale yofunditsidwa udzu suiponya padzuwa la October tsiku limodzi, umayamba wachotsa udzu pang'onopang'ono kuti ikhwime. Korali nayenso chimodzimodzi. Kumutsitsa sikuvuta kwambiri, kumukweza ndiye kumafuna masabata, kapena kuchepetsa kaye mphamvu ya magetsi nkumawonjezera pang'onopang'ono.

Za kayendedwe ka madzi ndingonena mwachidule. Mwala uliwonse umakhotetsa madzi ochokera ku pampu, nde mukasintha mulu mwasinthanso njira zonse. Pakhoza kubadwa malo omwe madzi aima, zinyenyeswa nkumaunjikana, kenako pamamera chindere chofiira choterera. Siyani mpata pakati pa miyala ndi galasi woti dzanja lilowe.

Nkhondo ya malire

Ichi ife a Malawi sitifunika kuchiphunzira patali. Pitani ku Cape Maclear, mu Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wake mu 1984, valani galasi loonera pansi pa madzi muone mbuna. Yamphongo iliyonse ili ndi mwala wake ndipo ina ikangoyandikira imathamangitsidwa. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, mbuna sizingakhale mu thanki yamchere, koma khalidwe ndi lomwelo ndi la nsomba zamchere monga damselfish, clownfish, dottyback ndi ma tang. Osunga mbuna padziko lonse akhala akugwiritsa ntchito nzeru yosintha miyala pofuna kuika nsomba yatsopano, kuti zonse ziyambire pamodzi kufuna malo, ndipo osunga zamchere amachitanso zomwezo. Zimathandiza nthawi zina. Koma mbali inayo ndi yakuti nsomba yamantha yomwe inali ndi una wake wogonamo yasowa kolowera, ndipo nsomba yopanikizika ndi imene imayamba kugwidwa ndi matenda a timadontho toyera. Zili ngati kusamutsa mabenchi onse mumsika wa Limbe usiku umodzi, mmawa mwake aliyense ayenera kulimbirana malo mwatsopano, olimba apeza pabwino, ofooka atsala panja. Musananyamule mwala yang'ananinso mmauna, tinsomba monga blenny ndi goby timakanirira momwemo.

Makorali nawonso amamenyana, kungoti nkhondo yawo ndi yausiku. Tengani tochi cha m'ma 11 koloko usiku muunike korali wa mtundu wa Galaxea kapena torch coral, muona timikono titalititali toonekera ngati ulusi tikuyendayenda mmadzi, tina kutalika kuposa chikhatho, kufunafuna mnansi woti timuwotche. Ine ndinataya theka la korali wina wobiriwira chifukwa ndinamuyandikiza masana ndikuona ngati mpata ulipo wokwanira, mmawa mbali yonse yoyang'ana mnzakeyo inali chigoba choyera, zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinamulera kuchokera kali kachidutswa ngati ndalama yachitsulo. Makorali ofewa monga leather coral amamenya ndi mankhwala omwe amatulutsa mmadzi, monga mmene pansi pa bulugamu mbewu zimakanikira, ndipo akagwidwagwidwa amatulutsa ambiri pamodzi ndi mamina. Nchifukwa chake anthu amaika activated carbon watsopano, makala osefera madzi, akatha ntchito.

Poizoni amene angakugonetseni kuchipatala

Gawo ili chonde muwerenge ngakhale ena onse mwadumpha. Pali timakorali tooneka ngati timaluwa kapena mabatani, Palythoa ndi ena a mtundu wa zoanthid, omwe ena mwa iwo ali ndi palytoxin, mmodzi mwa poizoni woopsa kwambiri wopezeka mchilengedwe. Richard Moore ndi Paul Scheuer aku University of Hawaii ndi amene anamupatula mu 1971 kuchokera ku kanyama ka pa thamanda lina ku Hana pa chilumba cha Maui, komwe eni dera ankadziwa kale kuti nkoopsa ndipo ankapaka ku mikondo. Timakorali timeneti timatha kubwera tokha pa mwala osagula, nde kunena kuti ine ndilibe sikokwanira.

Poizoniyu amalowa pa bala, mmaso, mkamwa, komanso pomupuma. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England banja lina pamodzi ndi ozimitsa moto omwe anabwera kudzathandiza anatengeredwa kuchipatala mwala wa mu thanki utapalidwa mnyumba. Ife tinakula tikuuzidwa kuti chilichonse chokaikitsa wiritsa kapena thira madzi otentha, ndipo pa madzi akumwa ndi nzeru yabwino, koma pa mwala wa mu thanki yamchere ndi kulakwitsa koopsa chifukwa nthunziyo imanyamula poizoni kulowa mmapapo a aliyense mnyumbamo, ana ndi ziweto zomwe. Osawiritsa, osathira madzi otentha, osapala ndi bulashi ya waya pouma. Valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, tsegulani mawindo, ana akhale kutali. Zizindikiro zake ndi monga kutentha thupi, chifuwa, kubanika, kuwawa kwa minofu ndi kukoma kwachitsulo mkamwa. Mankhwala ophera poizoniyu palibe, madokotala amangothandiza thupi kulimbana naye, nde mukamva zotere thamangirani kuchipatala ndipo mukawauze dzina lakuti palytoxin, chifukwa kuno malungo ndi amene aliyense angayambe kuganizira.

Magolovesi omwewo amatetezanso ku bristle worm, nyongolotsi ya ubweya woyabwa ngati chitedze yomwe imakonda kubisala pansi pa mwala pomwe zala zimagwira.

Za kuno kwathu

Zolembedwa zambiri za nkhaniyi zimaganiza kuti magetsi sathima ndipo shopu ya mchere ili pafupi. Kuno mchere wa thanki timachita kuitanitsa, nthawi zambiri ku Johannesburg, nde musayambe ntchito chidebe cha mchere chili pafupi kutha. Sakanizani mchere dzulo lake ndi madzi osefedwa ndi makina oyeretsa madzi otchedwa RO, pa chipangizo choyezera mchere pafike 1.025 kapena 1.026, kutentha kufanane ndi kwa mu thanki, cha pa madigiri 25. Madzi ovunduka amadya okosijeni wambiri, nde magetsi akathima usiku womwewo mapampu nkuima ndi pomwe nsomba zimafa, khalani ndi inverter kapena kapampu ka mpweya ka mabatire musanagwire mwala uliwonse. Ine ndimapewa October ndi November chifukwa madzi otentha amasunga okosijeni wochepa, ndipo nthawi ya chiperoni mu June ndi July madzi a mu ndowa amazizira msanga, nde hita ilowemo. Yambani mmawa kuti tsiku lonse muziona mmene zikuyendera. Jambulani chithunzi musanayambe, mudzachifuna. Pomata miyala anthu amagwiritsa ntchito super glue wa jelo ndi epoxy yopangidwira mathanki, ndipo epoxy imachititsa skimmer kusefukira thovu kwa tsiku kapena awiri, musadabwe.

Pomwe anthu sakugwirizanabe

Funso loyamba ndi lakuti kusuntha zonse tsiku limodzi kapena mbali imodzi sabata ino ina sabata yamawa. A tsiku limodzi amati nsomba zimavutika kamodzi nkupuma, ndipo mulu womangidwa pamodzi umalimba bwino. Apang'onopang'ono amati mbali yosagwidwayo imapitiliza kusefa madzi ndipo nsomba zimakhala ndi kothawira. Onse ali ndi mathanki okongola oti akuonetseni, ndipo zikuoneka kuti kukula kwa thanki, kuya kwa mchenga ndi kuchuluka kwa nsomba ndi zomwe zimasintha yankho.

Lachiwiri ndi kuchuluka kwa miyala. Lamulo lakale linkati pafupifupi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa malita 4 alionse, koma masiku ano ambiri akuchotsa miyala kuti nsomba zipeze posambira nkuika zosefera zina mu sump, kathanki kachiwiri ka pansi pa thanki. Kuti ungachotse yochuluka bwanji nthawi imodzi fyuluta osagwa, palibe nambala imene onse amavomereza. Palinso mkangano wakuti kodi mkati mwa mwala mumachotsedwadi nitrate wochuluka bwanji, ena amati wambiri, ena amati timauna timatsekeka ndi zinyenyeswa pakapita zaka ndipo mwala wakale umayamba kubweza phosphate yemwe unamwa, amene ndi chakudya cha ndere. Amene amakhulupilira zimenezi amati mwala uzipemereredwa ndi pampu pafupipafupi ngakhalenso kusunthidwa nthawi ndi nthawi, pomwe anzawo amati thanki yokhazikika isiyeni ikhale.

Mabakiteriya a mbotolo nawonso, ena sasuntha mwala popanda kuthira, ena amati mu thanki yakale alimo kale okwanira ndipo botolo lomwe layenda masiku pa basi padzuwa silingadaliridwe.

Ndipo pali funso la mwala watsopano wouma ukauphatikiza ndi wakale. Wouma subweretsa tizilombo ngati Aiptasia (kanyama kowotcha makorali) kapena mantis shrimp (kanyama konga nkhanu kolusa) ndipo sugumula matanthwe a mnyanja, koma ambiri amadandaula kuti umamera ndere yonyansa ndi dinoflagellates (tizamoyo tating'onoting'ono tokuta mwala ngati mamina) kwa miyezi usanakhazikike, ndipo pali kusiyana maganizo ngati chifukwa chake ndi phosphate wa mumwalamo kapena kusowa kwa tizamoyo tosiyanasiyana tomwe mwala wa mnyanja umabwera nato. Kwa ife funsoli ndi lolemera kwambiri, chifukwa mwala wouma ndi umene umafika kuno mosavuta, ndipo njira imene yatsala ndi yopemphana kachidutswa ka mwala wakale kuti kadzutse watsopano, pomwe kachidutswa komweko kangathenso kusamutsa tizilombo ta mu thanki ya mnzako kubwera mu yako.